Mtsempha unatseguka, mtima unavulala

Nkhani ya malume anga yayenda kuposa eni ake. Yachoka ku Ulónguè n'kufika ku Dómuè, yakwera mpaka ku Tsangano, yadutsa pachipata cha Calómuè n'kukamveka kwa abale athu a ku Dedza, ndipo paliponse pomwe yagona yadzukapo itasintha. Ena akuti madokotala a ku Maputo anawaboola mtima ndi waya. Ena akuti munthu anapita akuyenda yekha koma anabwerako ali wodwala. Aliponso omwe akunong'ona zoti panali dzanja la munthu, poti malumewo anali atangoika chigayo pamudzi. Zonsezo ndikanangozisiya. Koma mwezi wathawu ndinamva kuti bambo wina wa kumpingo kwathu, yemwe pachifuwa pamamuthina akamakwera mtunda, wakana ngakhale kukayezetsa ku Tete. Akuti, "Ndingakaone zomwe anaona aphunzitsi aja." Apa m'pomwe ndinaona kuti kukhala chete kwathu kupweteketsa anthu.

Ine ndi amene ndinawaperekeza ku Maputo, poti ndimagwira ntchito mumzinda wa Tete ndipo ndine mwana wamkulu wa mlongo wawo. Ndinene poyera kuti n'zoona, mtima wa malume unavulala pa nthawi yomwe madokotala ankatsegula mtsempha wawo. Kachigawo ka mnofu wa mtima kanafa, chomwe madokotala athu amati enfarte. Sindikufuna kuchepetsa zimenezo kuti nditeteze wina aliyense. Chomwe ndikufuna anthu akwathu amve n'chakuti ngoziyi ndi yodziwika, madokotala amayiyembekezera, ili ndi zifukwa zomveka bwino, ndipo munthu akaimvetsa amadziwa choti afunse asanagulitse ng'ombe.

Malume anaphunzitsa m'sukulu za pulayimale zaka zambiri asanapume. Ankasuta fodya wopichira okha, wa m'munda mwawo momwe, ndipo tensão yawo, kuthamanga kwa magazi, inadziwika kuti ndi yokwera atadutsa kale zaka 50, tsiku lomwe anapita kuchipatala ndi malungo. Ululu wa pachifuwa unabwera mwakachetechete. Akamakankha njinga pamtunda wochokera kudimba, pachifuwa pankathina ndi kulemera, ululu n'kukwera mpaka kunsagwada ndi kumkono wamanzere. Akaima pang'ono unkatha. Akazi awo ankati ndi mpweya wa m'mimba, iwo ankati ndi ukalamba. Kuzizira kwa ku Angónia m'mwezi wa Juni kunkaukulitsa ululuwo, mpaka zinafika poti ulendo wa kutchalitchi ankaupumira kawiri panjira. Guia, kalata yotumizira wodwala, yochokera kuchipatala cha kwathu inawafikitsa ku Tete, komwe anawajambula ECG, yoonetsa kagundidwe ka mtima, n'kuwauza kuti vuto lili m'mitsempha yodyetsa mtima.

Ambirife timaganiza kuti mtima, poti umadzaza ndi magazi nthawi zonse, sungasowe magazi. Koma mnofu wa mtima sudya magazi omwe akudutsa m'zipinda zake. Uli ndi mitsempha yakeyake yoyenda kunja kwake, ikuluikulu itatu, iliyonse yotakata pafupifupi mamilimita 3 kapena 4, ndipo imeneyo imagawika tinthambi tolowa mumnofu. Fodya, tensão yokwera, shuga ndi mafuta ochuluka m'magazi zimawononga khoma la m'kati mwa mitsemphayi, mafuta n'kumaundana m'khomamo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Njira ikachepa, magazi amakwana munthu akakhala pansi koma amaperewera akayamba ntchito. Umenewo ndiye unali ululu wa malume. Mnofu unkamva njala koma sunkafa. Enfarte imachitika njira ikatsekeka ndithu kwa nthawi yokwanira kupha mnofu, ndipo mnofu wa mtima ukafa sumeranso, pamangotsala chipsera.

Anawayambitsa mankhwala: aspirin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, a tensão, ndi timapiritsi toika kunsi kwa lilime ululu ukayamba. Fodya analeka. Zinthu zinasinthako koma osati kwenikweni, ndipo dokotala anati ndi bwino akaonedwe m'kati mwa mitsemphamo, zomwe zinatanthauza ulendo wa ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Banja linakhala pansi. Ng'ombe zinapita pamsika, ana a ku Moatize anasonkha, mlongo wawo wa ku Lilongwe anatumiza zake. Pabasi sakanapirira, choncho tinakwera ndege pa Chingodzi. Aliyense pa msonkhano wa banja uja ankakhulupirira chinthu chimodzi, chakuti akapanda kupita chaka sachimaliza. Ndibwereranso ku chikhulupiriro chimenechi, chifukwa m'pomwe pagona nkhani.

Ntchito yotsegula mtsemphayi sang'amba pachifuwa. Munthu amakhala ali maso. Amamubaya mankhwala ochititsa dzanzi pamkono pafupi ndi chikhatho, pomwe timamverera kugunda kwa mtima, kapena m'mphechepeche, n'kulowetsa kachubu katali kotchedwa kateta mpaka kukafika pakhomo pa mitsempha ya mtima. Amathiramo madzi omwe amaoneka pa X-ray, ndipo pakanema pamaoneka bwino pomwe njira yachepa. Kenaka amadutsitsa kawaya kosakwana theka la milimita pamalo opanikizikawo, pakawayapo amatsetsetsa kabaluni, n'kukafufumitsa kuti kakankhire mafuta aja m'mbali. Pomaliza amasiya stent, kachubu ka waya woluka komwe kamachirikiza khoma kuti lisabwerere. Woyamba kuchita zimenezi pa mtima wa munthu anali Andreas Grüntzig, dokotala wa ku Germany, mumzinda wa Zürich pa 16 Sepitembala 1977, pa bambo wa zaka 38 yemwe anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Nthawi imeneyo kunalibe stent, kunali baluni yokha, ndipo mtsempha unkatha kutsekeka mwadzidzidzi baluni ikangochotsedwa. N'chifukwa chake madokotala a opaleshoni ankakhala tcheru m'chipinda chapafupi, okonzeka kutsegula pachifuwa. Stent zoyamba zinaikidwa m'mitsempha ya mtima mu 1986, ku Toulouse ndi ku Lausanne, ndipo zinachepetsa kwambiri vutolo. Ndiye kuti kuyambira tsiku loyamba, omwe anayambitsa njirayi ankadziwa kuti dzanja lomwe likutsegula likhozanso kutseka.

Usiku woti mawa lake alowa, anabweretsa pepala loti asayine. Malume Chipwitikizi amachidziwa bwino, anachiphunzitsa ana ambirimbiri, ndipo analiwerenga lonse magalasi ali pamphuno. Zonse zinalembedwamo: kutaya magazi pamalo obayidwa, kuvulala kwa impso chifukwa cha madzi ojambulira aja, AVC (sitiroko), enfarte, imfa. Koma mawu omwe anali atakhazikika m'mutu mwathu kuchokera ku Tete anali ena, akuti iyi si opaleshoni, mawa lake munthu amatuluka. Mawu amenewo si abodza, ambiri amatulukadi mawa lake. Kungoti munthu yemwe wabwera kuchokera kutali chonchija, ng'ombe atagulitsa kale, mndandanda wa zoopsa amauwerenga ngati mwambo chabe wa chipatala. Pa ola limenelo palibenso chosankha. Mafunso oyenera kufunsa pa pepala lija anali oyenera kufunsidwa tili ku Ulónguè, khola lidakali lodzaza.

Ine ndinatsala pabenchi panja. Anatiuza kuti zitenga ngati ola limodzi, koma linadutsa, lachiwiri n'kuyamba. Zomwe zinachitika m'katimo anandifotokozera malume eni ake, kenaka dokotala. Baluni ikafufuma, magazi amaima kwa masekondi angapo ndipo wodwala amamva ululu womwe amaudziwa kale. Anawachenjezeratu za zimenezo. Koma stent itaikidwa, ululu sunachoke. Unakula, thukuta linawatuluka, nseru inawagwira, ndipo anamva mawu a anthu m'chipindamo akusintha. "Mphwanga," anandiuza pambuyo pake, "ndinadziwa kuti zavuta chifukwa aliyense anayamba kulankhula mwachidule." Malo opanikizika aja anali pamphambano, pomwe mtsempha waukulu umatulutsa nthambi. Stent itatambasuka, inakankhira mafuta aja pakhomo pa nthambiyo n'kuitseka. Dokotala analimbana nayo, anadutsitsa kawaya kena kudzera m'maso a stent, n'kutsegula ndi kabaluni kakang'ono, magazi n'kuyambanso kuyenda. Koma nthawi inali itapitapo. Anagona m'chipinda cha odwala kwambiri, ndipo m'mawa mwake zotsatira za magazi zinatsimikiza kuti mnofu wina wafa. Dokotala anandiitana, anajambula mtsemphawo papepala ndi cholembera, nati, "Msewu waukulu watseguka bwino. Malume anu ataya kachigawo kakang'ono ka mnofu kumbali. Ndikupepesa kuti zachitika, ndipo tiwasunga masiku angapo."

Amene analimapo kachewere m'madimba a kwathu amvetsa msanga. Ngalande yochokera kumtsinje ikadzaza matope, umalowamo ndi khasu kuti madzi adutse. Matope omwe wakumbawo ayenera kupita kwinakwake. Ena umawakankhira m'mphepete, ndipo ngati pamenepo panali potulukira kangalande kopita ku bedi lina, watseka. Ena amasungunuka n'kutengedwa ndi madzi, n'kukatseka tingalande tating'ono kumunsi komwe khasu silingalowe. Ngalande yaikulu ikuyenda bwino, koma bedi lina lauma. Njira ziwiri zimenezi ndi zomwe zimavulaza mtima kawirikawiri pa ntchitoyi: kutsekeka kwa nthambi ya pambali, komwe kunachitikira malume, ndi tizidutswa ta mafuta ndi magazi oundana tomwe timatsika n'kukatseka timitsempha tosaoneka ndi maso. Yachiwiriyi imatha kufika poti pakanema mtsempha ukuoneka wotseguka koma magazi akungoyenda mozengereza kapena osayenda n'komwe.

Palinso zina. Baluni imagwira ntchito pong'amba pang'ono mafuta oumawo, ndipo nthawi zina mng'aluwo umapitirira m'khoma la mtsempha, kachikopa ka m'kati n'kupindikira panjira. Magazi amatha kuundana pa kawaya kapena pa stent pomwepo, n'chifukwa chake amapereka mankhwala oletsa kuundana ntchito isanayambe ndi pamene ili m'kati. Mtsempha umathanso kudzikoka wokha n'kufinyika ukakhudzidwa. Ngozi imakula ngati malo opanikizika ndi aatali, ngati ali pamphambano, ngati mafuta auma n'kukhala ndi kashiamu wambiri, ngati akukonza mitsempha ingapo tsiku limodzi, komanso ngati wodwala ndi wokalamba kapena impso zake ndi zofooka. Zambiri mwa izi dokotala amaziona pakanema asanafufumitse baluni. Ali ndi njira zochepetsera ngoziyo, monga kuikiratu kawaya kena m'nthambi yofunika, ndipo kafukufuku wa ku Italy wa 2004 anaonetsa kuti kumwa atorvastatin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, masiku angapo ntchito isanachitike kumachepetsa kuvulala kwa mnofu. Kuchepetsa n'kotheka, kuthetseratu ayi.

Chomwe chinandisokoneza masiku oyamba chinali chakuti dokotala wina ankati inali enfarte, wina ankati kuvulala pang'ono chabe. Ndinaganiza kuti wina akubisa. Kenaka ndinamvetsa kuti madokotala a mtima padziko lonse sanagwirizanebe pomwe malire ali. Mnofu wa mtima ukavulala umatulutsira m'magazi chinthu chotchedwa troponin, ndipo zipangizo za masiku ano zimachiona ngakhale chikhale chochepetsetsa. Mukayeza aliyense yemwe wangoikidwa stent, ambiri ndithu, mwina mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse, troponin yawo imapezeka itakwerako, chonsecho sanamve kanthu ndipo akupita kwawo ali bwino. Ndiye enfarte imayambira pati? Mgwirizano wa mabungwe akuluakulu a madokotala a mtima wa 2018 umati troponin ikwere kupitirira kasanu pa mlingo wa munthu wabwinobwino m'maola 48, komanso pakhale umboni wina, monga kusintha kwa ECG kapena nthambi yooneka kuti yatsekeka. Bungwe la ku America la madokotala ochita ntchito imeneyi, la SCAI, mu 2013 linaika malire pamwamba kwambiri, kuti troponin ikwere ka 70. Wodwala mmodzi yemweyo, muyezo wina ukuti wadwala enfarte, wina ukuti ayi. N'chifukwa chake ziwerengero zomwe mungazione pa intaneti zimasiyana kutalitali. Pomwe onse amagwirizana ndi apa: kuvulala kukakhala kwakukulu, ngozi ya m'tsogolo imakulanso, ndipo imfa pa ntchitoyi, kwa munthu yemwe wabwera mwa dongosolo osati mwangozi, ndi yosakwana mmodzi pa 100 alionse.

Abale ena ankafuna kuti tikadandaule. Ine ndinakana, ndipo ndikadali pomwepo. Sindikunena kuti madokotala salakwitsa. Amalakwitsa, ndipo wosauka wochokera kutali ndi amene kawirikawiri samvedwa akadandaula. Koma kuvulala pakokha si umboni wa kulakwitsa. Ine ndinayang'ana zina. Anaona vutolo pomwepo, analimbana nalo, sanatibisire, anatipatsa lipoti lolembedwa bwino lonena zomwe zinachitika ndi nthambi yomwe inatsekeka. Akanatiuza kuti zonse zayenda bwino n'kutitulutsa mawa lake, ife n'kudzazindikira ku Tete patapita miyezi, pamenepo ndikanakhala woyamba kukweza mawu.

Tsopano ndibwerere ku chikhulupiriro chija, chakuti akapanda kupita chaka sachimaliza. Anthu omwe amaikidwa stent ali m'magulu awiri osiyana kwambiri, ndipo mphekesera za kwathu zimawaphatikiza. Gulu loyamba ndi la munthu yemwe enfarte yamugwira kale. Ululu wamuyamba atakhala pansi, sukusiya, thukuta lili kamukamu, mtsempha watsekeka ndi magazi oundana. Kwa ameneyu kutsegula mtsempha kumapulumutsa moyo, ndipo mantha oti ntchitoyo ingavulaze mtima alibe malo, poti mtimawo ukufa kale mphindi iliyonse. Malangizo a madokotala amati mtsempha utsegulidwe ndi baluni pasanathe mphindi 120 chidziwikire matendawo, ndipo ngati zimenezo sizingatheke, aperekedwe mankhwala osungunula magazi oundana, omwe amagwira bwino kwambiri m'maola oyambirira. Werengani nokha mtunda wathu. Kuchokera ku Ulónguè kufika ku Tete kokha ndi makilomita oposa 200. Kwa ife mphindi 120 zija n'zosafikirika, ndipo chomwe tingachite n'kuthamangira kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche, osayamba tiyi wa mandimu kapena kuthira mphini. Zimandipweteka kuti nkhani ya malume ingachititse munthu wotere kuchedwa pakhomo.

Gulu lachiwiri ndi la malume: ululu wobwera ndi ntchito, wotha ndi kupuma, wokhala chimodzimodzi kwa miyezi. Apa zomwe kafukufuku wapeza zimadabwitsa ambiri. Mu 2007 kafukufuku wotchedwa COURAGE, wa odwala 2,287 ku America ndi ku Canada, anayerekeza omwe analandira mankhwala okha ndi omwe analandira mankhwala pamodzi ndi kutsegulidwa mtsempha, ndipo sanapeze kusiyana pa imfa kapena pa enfarte. Mu 2020 zinatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu kuposa ameneyo, wa ISCHEMIA, wa odwala 5,179 m'mayiko 37. Pa imfa panalibenso kusiyana. Omwe anatsegulidwa mitsempha anakumana ndi enfarte zambiri koyambirira, zobwera ndi ntchitoyo, koma zocheperapo m'zaka zotsatira. Phindu looneka bwino linali pa ululu: omwe ankavutika nawo pafupipafupi anapeza mpumulo. Kafukufuku wa ku Britain wa 2023, wa ORBITA-2, anatsimikizanso kuti stent imachepetsadi ululu wa pachifuwa. Izi sizikhudza aliyense. Munthu yemwe wapanikizika pa tsinde la mtsempha wa kumanzere, kapena yemwe mtima wake wafooka kale, sanali m'gulu la ISCHEMIA, ndipo kwa otere nkhani ndi ina, nthawi zina amafunika opaleshoni yeniyeni yolambalalitsa magazi. Koma kwa ambiri a m'gulu lachiwirili, stent ndi yochotsa ululu, si yotalikitsa moyo. Chotalikitsa moyo ndi mapiritsi otsika mtengo aja ndi kuleka fodya.

Tisanatuluke m'chipatala ndinamufunsa dokotala mosapita m'mbali ngati malume akanamwalira chaka chomwecho akanapanda kubwera. Anati palibe angalonjeze za mawa, koma malinga ndi zomwe anaona pakanema, cholinga chachikulu cha stent yawo chinali choti aziyenda opanda ululu. Ndinawafotokozera malume madzulo ake. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndikanabwerabe. Munthu wolephera kufika kudimba kwake ndi wamoyo wanji? Koma ndikanayamba ndadikira kuti tikolole, ndipo ng'ombe ya amayi ako sindikanalola kuti igulitsidwe." Yankho limenelo ndimalilemekeza. Sananene kuti ananamizidwa. Ananena kuti akanadziwa, akanasankha ndi mtima wokhazikika, pa nthawi yawo, osati mothamangitsidwa ndi mantha a imfa. Ndipo ndikuona kuti ufulu umenewo ndi womwe anthu akwathu amamanidwa kawirikawiri, osati chifukwa cha nkhanza za munthu, koma chifukwa dokotala wa mtima timamuona mphindi zochepa, m'chilankhulo chomwe agogo athu ambiri sachimva, titayenda kale ulendo wautali. Funso loti stent iyi ndi yopulumutsa moyo kapena yochotsa ululu ndi lalifupi, aliyense akhoza kulifunsa, ndipo dokotala wabwino sakwiya nalo. Lina ndi loti mankhwala ayesedwa mokwanira kapena ayi. Linanso ndi loti malo opanikizikawo ali pamphambano kapena ayi, nanga zikavuta chipatalacho chili ndi chiyani chothandizira.

Pali ngozi ina yomwe kwa ife a kutali ndimaiopa kuposa ya m'chipinda chija, ndipo mphekesera siziitchula n'komwe. Stent ndi chitsulo chokhala m'njira ya magazi. Mpaka khoma la mtsempha litamera n'kuchikuta, magazi amafuna kuundana pamenepo, ndipo akaundana mtsempha wonse waukulu umatsekeka kamodzin'kamodzi. Imeneyo imakhala enfarte yaikulu, yomwe imapha ambiri. Choteteza ndi mapiritsi awiri tsiku lililonse, aspirin ndi mnzake, kawirikawiri clopidogrel, kwa miyezi 6 kapena 12 malinga ndi momwe dokotala waonera. Kuwasiya msanga ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe stent imatsekekera. Munthu wa mumzinda waukulu akaona kuti atsala pang'ono amangopita ku farmácia ya pakona. Ife tinafufuza kwathu mwezi wachiwiri osawapeza. Kuyambira pamenepo ndimagula ku Tete a miyezi iwiri nthawi imodzi n'kupatsira dalaivala wa chapa yemwe timadziwana naye, ndipo akazi a malume amandiimbira paketi yomaliza ikangotsegulidwa, osati ikatha. Nthawi ya mvula timawonjezera ina yosungira.

Mayesero osiya mankhwalawa amabwera ndi anthu okufunira zabwino. Nkhama za malume zitayamba kutuluka magazi potsuka mano, mnansi wina anati mapiritsiwo akuwamaliza magazi, asiye. Dzino litawavuta, panali nkhani yoti aime kaye kumwa kuti alichotse. Zonse ziwiri tinayamba taimbira dokotala, ndipo anati asasiye ngakhale tsiku limodzi popanda iye kunena. Anatichenjezanso za mapiritsi a ululu omwe anthu amagula pamsika, monga ibuprofen ndi diclofenac, kuti akaphatikizana ndi awiri aja amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba, ndipo chimbudzi chikada bii n'kofunika kuthamangira kuchipatala. Ndiye banja lomwe likusonkha ndalama za ulendo wa ku Maputo liwerengeretu ndalama za mankhwala a chaka chonse, ndi munthu wodalirika woti aziwafikitsa. Ngati zimenezo palibe, dokotala auzidwe stent isanaikidwe, chifukwa zikhoza kusintha zomwe angalangize.

Zonsezi zinayambira pa tensão yomwe inakhala zaka osayezedwa. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa 2005, yemwe Pulofesa Albertino Damasceno wa pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane anali m'gulu la omwe anamulemba, anapeza kuti akuluakulu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi tensão yokwera, ndipo mwa iwo odziwa anali pafupifupi 15 okha pa 100 alionse. Atabwereza mu 2014 ndi 2015, chiwerengero chinali chitafika pa 39, odziwa osawonjezekera. Kwathu fodya ndi ndalama ya sukulu ndi malata, sindingauze mlimi wa ku Macanga kapena ku Angónia kuti asiye kulima. Koma kusuta ndi nkhani ina, ndipo kuyezetsa tensão ku centro de saúde sikufuna ndege.

Lero malume amafika kudimba osapumira panjira. Ululu wakale uja unatha. Amatopa msanga kuposa kale akanyamula katundu, ndipo atawajambula mtima ku Tete anapeza kuti kachigawo kakumbali kaja sikagunda mwamphamvu ngati kwina, koma mtima wonse ukupopa mokwanira. Aspirin ndi mankhwala a mafuta adzamwa moyo wawo wonse. Za clopidogrel adzagamula ndi dokotala akadzawaonanso. Chomwe tinawakonzera pomaliza ndi kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki komwe amayenda nako m'thumba la malaya, kolembedwa tsiku lomwe stent inaikidwa, mtsempha wake, mayina a mankhwala onse ndi nambala zathu za foni. Mbali imodzi tinalemba m'Chipwitikizi, inayo m'Chingerezi, chifukwa zitati zavuta usiku, kuchokera kumudzi kwathu Dedza ili pafupi kuposa Tete, ndipo namwino wa kumeneko ayenera kudziwa msanga kuti munthuyu ali ndi stent komanso akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana.